Njira za njinga m'zigwa za mitsinje ya ku France: zinachokera kuti, nanga zimayenda bwanji?

Anthu ambiri akamva za kupalasa njinga ku France amaganiza za Tour de France, mpikisano wa mwezi wa Julayi uja, womwe anyamata owonda ngati bango amathamanga makilomita oposa 3,000 m'masabata atatu. Koma m'mwezi womwewo, kutali ndi makamera, kumakhala khamu lina la opalasa lomwe ndi lalikulu kwambiri kuposa la ampikisano. Awa ndi agogo a imvi, mabanja okoka ana m'tingolo kumbuyo kwa njinga, achinyamata omanga tenti pa kaliyala. Amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mitsinje, kugona m'midzi, mawa n'kupitiriza, ena kwa masiku atatu, ena kwa mwezi wathunthu.

Kwa ife amene njinga timaidziwa ngati chonyamulira makala, matumba a chimanga ndi apaulendo a kabaza, nkhaniyi imadabwitsa. Munthu woti galimoto ali nayo, sitima yothamanga ilipo, n'chifukwa chiyani angasankhe kutuluka thukuta makilomita mazanamazana? Yankho lalikulu lili mu njira zimene amayendamo. N'zosalala, zopanda zitunda, zambiri zilibe magalimoto. Ndipo mukazifufuza bwino mupeza kuti pafupifupi zonse sizinalambulidwe chifukwa cha njinga ayi. Zinapangidwa kalekale pa ntchito zina zolemetsa, ntchitozo zitatha n'kusiyidwa, njinga n'kudzazitola.

Ulendo wa panjinga si mpikisano

Afalansa ali ndi dzina la mayendedwe amenewa, cyclotourisme, kutanthauza kukaona malo pa njinga. Amene anafalitsa mchitidwewu ndi Paul de Vivie, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Vélocio. Anabadwa mu 1853, ankakhala mumzinda wa Saint-Étienne, ndipo anamwalira mu 1930. Iye ankalimbikitsa kuti njinga ikhale ndi magiya, kuti munthu wamba azitha kukwera chitunda osatsika. Akuluakulu a mipikisano ankaona magiya ngati chinthu cha anthu ofooka, moti Tour de France, yomwe inayamba mu 1903, inadzalola chipangizo chosinthira magiya mu 1937. Choncho kuyambira pachiyambi pomwe magulu awiriwa anali osiyana: wina akufuna kufika msanga, wina akufuna kuona za m'njira.

Chinthu china chomwe chinasintha zinthu ndi lamulo la mu 1936, lomwe linapatsa antchito onse tchuthi cha masabata awiri pachaka akulandirabe malipiro. Antchito a m'mafakitale analibe magalimoto, ndiye ambiri anatuluka m'mizinda pa njinga, ena pa njinga zija zopalasa anthu awiri. Nkhondo yachiwiri itatha magalimoto anachuluka, misewu inakhala yoopsa kwa wopalasa, ndipo kwa zaka zambiri ulendo wa panjinga unasanduka wa anthu olimba mtima okha. Kuti abwerere ana ndi okalamba, panafunika njira zawozawo.

Chifukwa chiyani mitsinje?

Madzi satha kukwera phiri. Amene akutsata mtsinje amayenda pamalo otsetsereka pang'ono kwambiri, moti miyendo siimva n'komwe. Komanso mizinda yakale ya ku France inamangidwa m'mbali mwa mitsinje, ndiye wapaulendo sayenda nthawi yaitali asanapeze mudzi, buledi, madzi akumwa kapena siteshoni ya sitima. Izi n'zodziwikiratu. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti m'zigwa zimenezi munali kale tinjira ta mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mbiri yake.

Mtundu woyamba ndi kanjira kokokera ngalawa, komwe eniake amati chemin de halage. Injini zisanabwere, ngalawa zonyamula vinyo, mchere, matabwa ndi miyala zinkakokedwa ndi chingwe kuchokera kumtunda. Okoka anali mahatchi, abulu, ndipo nthawi zambiri anthu enieni, chingwe chili pachifuwa. Kuti okokawo adutse, lamulo la mu 1669, la nthawi ya mfumu Louis XIV ndi nduna yake Colbert, linalamula eni minda ya m'mbali mwa mitsinje yoyendamo ngalawa kusiya mpata wa mamita 7.80 mbali imodzi. Pamenepo sipaloledwa mpanda kapena mtengo. Ngalande zokumba ndi manja nazo zinali ndi tinjira totere kuchokera koyambira mpaka kothera. Hatchi yokoka katundu wolemera singakwere chitunda, ndiye kanjirako kamangoyenda mofanana ndi madzi. Kamakwera pang'ono pokhapokha pa zipata za madzi.

Zipatazi n'zofunika kuzifotokoza, chifukwa wopalasa amakumana nazo kawirikawiri. Ngalande ikafika pamalo okwera, amamanga kachipinda ka miyala kokhala ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo. Ngalawa imalowa, zitseko zakumbuyo n'kutsekedwa, madzi a kumtunda n'kutsegulidwa pang'onopang'ono. Kachipindako kakamadzaza, ngalawa imakwera nawo madziwo mpaka kufanana ndi ngalande ya kumtunda, kenako zitseko zakutsogolo zimatseguka. Wa panjinga amangokwera kamtunda ka mamita awiri kapena atatu pambali pa kanyumba kakale ka woyang'anira chipata. Tinyumba tina totere lero ndi malo ogulitsira khofi ndi ogona alendo.

Mtundu wachiwiri ndi makoma a dothi otchinga madzi osefukira, omwe amatchedwa levées. Awa ndi ofunika kwambiri pa mtsinje wa Loire, chifukwa Loire ndi mtsinje wosadalirika. M'nyengo yotentha umaphwa mpaka mchenga kuonekera pakati, koma ukakwiya umadzaza chigwa chonse. Cha m'ma 1160, Henri II Plantagenêt, yemwe anali mfumu ya England komanso wolamulira dera la Anjou, anakhazika anthu pa makomawa kuti aziwasamalira, n'kuwachotserako ntchito zina zomwe anthu wamba ankakakamizidwa. Mibadwo yotsatira inkangowonjezera kutalika kwake. Ngakhale zinali choncho, madzi anagumula makomawa mu 1846, mu 1856 ndi mu 1866, ndipo mpaka lero pa zipupa za nyumba zina ndi pa milatho mumaona mizere yolembedwa zaka zimenezi, kusonyeza pomwe madzi anafika. Pamwamba pa khoma lotere pamakhala pathyathyathya, ndipo wopalasa amaona mtsinje dzanja ili, minda ndi madenga dzanja linalo.

Pa Loire pali chinthu china chosangalatsa. Kuchokera kunyanja mpaka ku Orléans, mtsinjewu unalunjika kumene mphepo ya kumadzulo imawombera, ndiye amalinyero ankakweza chinsalu chachikulu, mphepo n'kumakankha ngalawa kupita kumtunda molimbana ndi madzi. Malonda amenewa anafa njanji itafika: ku Orléans mu 1843, ku Tours mu 1846, ku Nantes mu 1851. Madoko a miyala ndi zingwinjiri zachitsulo zomangirira ngalawa zikadalipo m'midzi yambiri.

Njanjiyo nayo inadzagonja, ndipo ndi mtundu wachitatu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 France inayala tinjanji tambirimbiri tofika m'matauni ang'onoang'ono. Mabasi, malole ndi magalimoto atachuluka, tinjanjito tinatsekedwa kamodzikamodzi. Sitima nayo siitha chitunda cholimba, choncho amisiri akale anali atasalaza kale nthaka, kumanga milatho ndi kuboola mapiri. Chotsala chinali kuzula zitsulo n'kuthira phula. Njira yomwe imatchulidwa kawirikawiri ngati yoyamba ya mtunduwu ndi ya pakati pa Givry ndi Cluny, m'dera la Bourgogne, yomwe inatsegulidwa mu 1997. Chakummwera kwa Cluny njirayi imalowa m'phanga lakale la sitima la Bois Clair, lotalika makilomita 1.6. Phangali limatsekedwa m'nyengo yozizira kuti mileme yomwe imagonamo isasokonezedwe, ndipo opalasa amazungulira chitunda.

Voie verte ndi véloroute: kusiyana kwake

Apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka, ndipo ena amakhumudwa akafika. Amaona mzere umodzi pa mapu n'kuganiza kuti ndi msewu umodzi wa njinga zokha kuchokera koyambira mpaka kothera. Si choncho.

Voie verte ndi njira yomwe galimoto ndi njinga yamoto siziloledwa. Ndi ya oyenda pansi, opalasa njinga, oyenda pa mipando ya olumala, ndipo malo ena okwera mahatchi. Tanthauzo lake linalowa m'malamulo a pamsewu a ku France mu 2004. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angathe kupalasa pamenepo makolo ake mtima uli m'malo.

Véloroute ndi ulendo wonse, wokhala ndi dzina, chizindikiro ndi zikwangwani. Umalumikiza zidutswa zosiyanasiyana: apa voie verte, apo kamsewu ka kumudzi kodutsa mathirakitala ndi magalimoto owerengeka, kutsogoloko mpata wa njinga wojambulidwa m'mbali mwa msewu wa mutauni. Uli ngati nsalu ya zigamba yosokedwa bwino: ndi imodzi ndithu, koma chigamba chilichonse chili ndi kukhakhala kwake. Zikwangwani zake n'zoyera zolembedwa mobiriwira, zokhala ndi kachithunzi ka munthu pa njinga, dzina la mudzi wotsatira ndi makilomita otsala. Palinso malo ena omwe mapu amati njira yongoyembekezera, kutanthauza kuti gawo lenilenilo silinamangidwe, ndipo wopalasa amayenera kugawana msewu ndi magalimoto ambiri.

Chomwe chimachititsa zigambazi ndi kagawidwe ka maudindo. Boma lalikulu linavomereza mapu a njira za dziko lonse mu 1998, koma silimanga lokha. Omanga ndi maboma a zigawo, omwe amati régions ndi départements, pamodzi ndi makhonsolo a midzi ndi matauni, omwe ku France alipo pafupifupi 35,000. Tinjira ta m'mbali mwa ngalande tambiri tili m'manja mwa bungwe la Voies navigables de France, lomwe linakhazikitsidwa mu 1991 ndipo limayang'anira njira za pamadzi zokwana pafupifupi makilomita 6,700. Kwa zaka zambiri kupalasa pa tinjira timeneti popanda chilolezo kunali koletsedwa. Kuti katsegulidwe, bungweli limasainirana mgwirizano ndi khonsolo, khonsoloyo n'kuvomera kukonza ndi kusamalira. Ndiye n'zotheka kupalasa pa phula losalala, n'kungowoloka malire osaoneka, n'kupezeka muli pa dothi la mizu ndi maenje. Mtsinje ndi womwewo, koma mwalowa m'dera la khonsolo ina yomwe ndalama zake kapena maganizo ake ndi osiyana.

Pamwamba pa zonsezi pali EuroVelo, mndandanda wa njira zodutsa maiko ambiri a ku Ulaya, womwe umayendetsedwa ndi European Cyclists' Federation. Bungweli silimanga kanthu. Limangopereka manambala ndi miyezo. EuroVelo 6, mwachitsanzo, imayambira ku nyanja ya Atlantic, kutsata Loire, kenako Saône, Doubs, Rhin ndi Danube mpaka kukafika ku Constanța m'dziko la Romania.

Loire: njira imene ena onse amatengerapo chitsanzo

Loire ndi mtsinje wautali kuposa yonse ku France, wa makilomita oposa pang'ono 1,000. Umatumphuka paphiri la Gerbier de Jonc kummwera, kuyenda kulowera kumpoto mpaka ku Orléans, kenako kukhotera kumadzulo n'kukathira m'nyanja ku Saint-Nazaire. Njira yake ya njinga, La Loire à Vélo, inaganiziridwa mu 1995 ndi zigawo ziwiri, Centre ndi Pays de la Loire, ndipo ntchito yake inatenga zaka zoposa khumi. Imayambira ku Cuffy, pafupi ndi Nevers, pomwe mtsinje wa Allier umakumana ndi Loire, n'kukathera ku Saint-Brevin-les-Pins m'mphepete mwa nyanja. Mukaphatikiza ndi tinjira tapambali, yonse ndi pafupifupi makilomita 900, ndipo opalasapo amaposa miliyoni imodzi pachaka, ngakhale ambiri mwa iwo amangoyenda kagawo kochepa.

Wotsika nawo mtsinjewu amayamba ndi dera lachete, la ngalande ndi minda, phiri la Sancerre lodzala mipesa lili kumanzere. Ku Briare amapeza chinthu chovuta kuchikhulupirira usanachione: mlatho wonyamula madzi. Ngalande yathunthu, ngalawa zikuyandama momwemo, imadutsa pamwamba pa Loire pa mlatho wachitsulo wa mamita 662 womwe unatsegulidwa mu 1896, ndipo m'mbali mwake muli mpata wa oyenda pansi. Kuchokera ku Sully-sur-Loire mpaka ku Chalonnes-sur-Loire, mtunda wa makilomita 280, chigwachi chili pa mndandanda wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, wa malo a chuma cha dziko lonse kuyambira mu 2000. Chomwe chinalemekezedwa si nyumba imodzi ayi, koma maonekedwe onse a dera lomwe anthu ndi mtsinje anaumbira limodzi.

M'chigawo chimenechi ndi momwe muli nyumba zachifumu zotchuka. Chambord, yomwe mfumu François I inayamba kumanga mu 1519, ili pakati pa nkhalango yozunguliridwa ndi mpanda wa makilomita 32. Ku Amboise ndi kumene wojambula wotchuka Leonardo da Vinci anamwalirira chaka chomwecho cha 1519. Chenonceau inamangidwa modutsa mtsinje wa Cher, Villandry imadziwika ndi minda yake ya ndiwo zamasamba yoyalidwa ngati zojambula. Pafupifupi zonsezi zinamangidwa ndi mwala woyera wofewa wotchedwa tuffeau. Pokumba mwalawu m'matherezi a m'mbali mwa mtsinje munatsala mapanga ambirimbiri, ndipo anthu osauka anasandutsa mapangawo nyumba. Chakufupi ndi Saumur mumaona chitseko ndi zenera pathanthwe, chumuni chitatulukira m'munda wa mpesa pamwamba pake. Mapanga ena amasungiramo vinyo, ena amalimamo bowa, chifukwa mkati mwake simutentha kapena kuzizira kwambiri chaka chonse. Pakati pa Montsoreau ndi Saumur njira ya njinga imalowa ndithu m'mapanga ena otere.

Kwa ine chokoma kwambiri pa njirayi ndi mtsinje weniweniwo kuposa nyumba zachifumu. Kuti ukuonekabe chonchi, ndi zilumba zake za mchenga zomwe zimasuntha chaka ndi chaka, n'chifukwa cha mkangano waukulu wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Panali mapulani omanga madamu atsopano, gulu la Loire Vivante linakana, ndipo mu 1994 boma linakhazikitsa dongosolo lina, Plan Loire Grandeur Nature, lofuna kuteteza anthu ku madzi osefukira popanda kuumanga mtsinje unyolo. Mbalame za kunyanja zimaikira mazira pamchenga umenewu, choncho zilumba zina n'zoletsedwa kupondapo m'miyezi yoswana. Komabe tisaiwale kuti chigwachi si chithunzi chongopachika pakhoma. Wopalasa amadutsanso pafupi ndi malo anayi opangira magetsi a nyukiliya, Belleville, Dampierre, Saint-Laurent ndi Chinon, omwe amaziziritsa makina awo ndi madzi a mtsinje womwewu.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti: kutsika kapena kukwera? Kutsetsereka kwa chigwachi n'kochepa kwambiri moti sikuthandiza kwenikweni, pomwe mphepo nthawi zambiri imachokera kunyanja. Wofuna mphepo kumsana ayambire kumadzulo, monga ankachitira amalinyero aja. Ambiri amasankhabe kutsika, chifukwa kuthera ulendo panyanja kumakhutiritsa mtima.

Rhône ndi Canal du Midi: zigwa sizifanana

ViaRhôna, yomwe ndi gawo la EuroVelo 17, imatsata mtsinje wa Rhône kuchokera ku nyanja ya Léman pafupi ndi Genève mpaka ku nyanja ya Méditerranée, makilomita 815, kudutsa Lyon, Valence ndi Avignon. Rhône ndi mtsinje wogwira ntchito. Uli ndi madamu ambiri a magetsi a kampani ya Compagnie Nationale du Rhône, yomwe inakhazikitsidwa mu 1933 ndipo inathandiza kulipira njirayi. Kummwera kwa Lyon kuli mafakitale a mankhwala ndi misewu ikuluikulu, moti ambiri amadumpha gawoli pa sitima. Kunonso nkhani ya mphepo si yocheza. Mistral, mphepo yamphamvu ya kumpoto, imatsika m'chigwachi masiku angapo motsatizana, ndipo wopita kumpoto tsiku lotere amakhala ngati akukankha khoma.

Canal du Midi ndi nkhani ina. Ngalandeyi, ya makilomita 240 kuchokera ku Toulouse mpaka ku dziwe la Thau pafupi ndi Sète, inakumbidwa pakati pa 1666 ndi 1681 motsogozedwa ndi Pierre-Paul Riquet. Vuto lake lalikulu linali kupeza madzi pamalo okwera kwambiri a ngalandeyo, ndipo analithetsa potenga timitsinje ta m'mapiri a Montagne Noire n'kutitsogolera ku Naurouze, komwe madziwo amagawikana, ena kulowera kum'mawa, ena kumadzulo. UNESCO inaiika pa mndandanda wake mu 1996. Pamodzi ndi Canal de Garonne, yomwe inatha mu 1856, imapanga njira yolumikiza nyanja ziwiri, Atlantic ndi Méditerranée. Mbali ya Garonne n'njosalala, pomwe m'madera ena a Canal du Midi kanjira kakhala kwa nthawi yaitali kadothi, kopapatiza, kodzala mizu, ndipo kakukonzedwa pang'onopang'ono.

Chomvetsa chisoni kumeneko ndi mitengo. M'mbali mwa ngalandeyi munali mitengo ikuluikulu ya platane pafupifupi 42,000, yomwe inkapanga denga la mthunzi pamwamba pa madzi. Mu 2006 anapeza matenda a chuku omwe alibe mankhwala, ndipo amafalikira kudzera m'madzi, m'mizu ndi m'mabala omwe zingwe za ngalawa zimasiya pamtengo. Mtengo wodwala amaudula n'kuutentha pomwepo. Yoposa theka inapita kale. Akubzala ina ya mitundu yosiyanasiyana kuti matenda amodzi asadzathenso yonse, koma mthunzi sukula chaka chimodzi, ndipo dzuwa la kummwera kwa France m'mwezi wa Ogasiti n'loswa mtengo.

Kogona, sitima ndi malamulo

Njira payokha siikwanira. Wopalasa akafika madzulo amafuna poika njinga yake motetezeka, pochapa zovala, pampu ndi zomatira chubu. Pofuna kuyankha zimenezi anakhazikitsa chizindikiro cha Accueil Vélo, chomwe chinayambira m'chigwa cha Loire n'kufalikira dziko lonse. Hotela, malo omanga matenti, malo odyera kapena obwereketsa njinga amalandira chizindikirochi ngati ali pamtunda wosapitirira makilomita asanu kuchokera panjira ndipo akwaniritsa zofunika zoterezi. Palinso makampani onyamula zikwama za alendo kuchokera pogona apa kukasiya pogona potsatira, ndi obwereketsa njinga mutauni ina n'kukailandira mutauni ina.

Sitima ndi imene imachititsa kuti munthu asabwerere njira yomweyo. Sitima za m'zigawo, zotchedwa TER, zimalola njinga, ngakhale kuti m'nyengo yotentha zigawo zina zimafuna kusungitsiratu malo. Pakati pa Orléans, Tours, Nantes ndi Le Croisic pamayenda sitima zokhala ndi malo ambiri a njinga m'miyezi imeneyi. Pa sitima zothamanga za TGV malo ndi ochepa, olipiritsa, ndipo zina zilibiretu.

Malamulo ndi ochepa. Ku France amayenda kumanja kwa msewu, zomwe ozolowera kumanzere ayenera kuzikumbukira makamaka pa mphambano. Ana osakwana zaka 12 ayenera kuvala chipewa chodzitetezera, malinga ndi lamulo la mu 2017. Usiku kunja kwa tauni wopalasa amavala chovala chonyezimira. Woyendetsa galimoto podutsa njinga ayenera kusiya mpata wa mita imodzi mutauni ndi mita imodzi ndi theka kunja. Njinga ya batire imawerengedwa ngati njinga wamba ngati mota yake siposa mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola.

Tsiku la wapaulendo wamba limakhala la makilomita 40 mpaka 60. Amagula buledi ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi m'mawa, chifukwa m'midzi ing'onoing'ono masitolo amatseka masana, ambiri satsegula Lolemba, ndipo midzi ina sitolo ilibe n'komwe. Madzi akatha, ozolowera amalowa kumanda a m'mudzimo, komwe nthawi zambiri kumakhala mpopi wothiririra maluwa, n'kuyamba ayang'ana ngati palibe chikwangwani choletsa kumwa.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la pansi pomwe tayala likuponda. Ena amafuna phula, ponena kuti limakhalitsa, silichita matope, ndipo limalola mipando ya olumala ndi anthu opita kuntchito tsiku ndi tsiku. Ena amafuna dothi lotsendera la timiyala, ponena kuti phula likuwononga maonekedwe a malo akale ndi kuwonjezera nthaka yosamwa madzi. Oyambawo amayankha kuti dothi lotsendera nalo silimwa madzi kwenikweni ndipo limafuna kukonzedwa pafupipafupi. Pa malo otetezedwa ngati Canal du Midi mkanganowu wachedwetsa ntchito.

Lachiwiri ndi la eni njira. Asodzi a mbedza, alimi, oyenda ndi agalu ndi okhala m'mbali mwa ngalande ankagwiritsa ntchito tinjirati njinga zisanachuluke. Mu 2022 lamulo linafewetsedwa kuti akuluakulu a dera athe kuloleza magalimoto ena, monga a okhala pomwepo, kudutsa pa voie verte. Ena akuona kuti izi zithandiza kutsegula njira zatsopano, ena akuopa kuti dzinalo litaya tanthauzo. Njinga za batire nazo zabweretsa okalamba ambiri omwe sakanatha ulendowu, komanso zawonjezera liwiro ndi kulemera pa tinjira topapatiza.

Lachitatu ndi la njanji. Njanji yakale ikazulidwa n'kuthiridwa phula, kodi sitima idzabwereranso? Omenyera ufulu wa sitima za kumidzi amati kutero n'kutseka khomo. Enawo amati njira ya njinga ndi imene imasunga mpatawo kuti usagulitsidwe zidutswazidutswa.

Palinso la ndalama. Alendo amagona ndi kudya m'matauni otchuka, pomwe kamudzi kongodutsidwa kamatchetcha udzu ndi kukonza maenje osapeza kalikonse. Boma linalengeza mu 2023 dongosolo la ndalama zokwana mayuro 2 biliyoni zothandizira njinga ndi kuyenda pansi mpaka 2027, koma chaka chotsatira, chuma chitathina, gawo la ndalamazo linaimitsidwa. Makhonsolo ambiri akufunsa kuti zidutswa zotsala zidzamalizidwa ndi ndani, ndipo okhala m'midzimo akufunsa ngati ndalama ziyenera kupita ku njira ya alendo ya m'mbali mwa mtsinje kapena ku njira yofikitsa mwana kusukulu.

Lomaliza ndi la nyengo. M'chilala cha 2022 Loire inaphwa moti m'malo ena nthambi zake zinasanduka mchenga wokhawokha, ndipo ngalande zingapo zinatsekedwa kwa ngalawa chifukwa chosowa madzi. Mvula ikachuluka, zigawo za njira zomwe zili kunsi kwa makoma zimamira n'kutsekedwa kwa masabata. Ngati kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti kupitirira kukwera, kodi alendo asamukira ku Meyi ndi Seputembala, pomwe ana ali kusukulu ndipo mabanja sangayende? Nanga ngalande zomwe ngalawa zikuchepa, boma lidzapitiriza kulipira kuti zikhale ndi madzi chifukwa cha anthu opalasa m'mbali mwake?